Dzulo Anali Kumanga, Lelo Amasula: Kodi Loya Uyu Wagulitsa Gemu?

Pa Citatu madzulo ninakwela basi pa Kulima Tower kubwelela kunyumba. Mudziwa mmene zimakhalila ikakwana 17 hours: anayi-anayi pa mpando, cola pa miyendo, kondakita theka mkati theka panja. Dalaiva anali atatsegula wailesi, ndipo nyuzi itafika pa za ku khoti, wowelenga anati mlandu wa bwana wina amene amuganizila kuti anadya ndalama za boma aukankhila ku mwezi wa mawa. Anachulanso dzina la loya wake.

Madala ena kumbuyo kwanga, ovala ovolosi ya buluu, anaomba m'manja kamodzi. "Uyo loya nimuziba! Si uja enze ku boma? Enze kumanga bakawalala, manje ndiye abamasula. Agulisa gemu uyo."

Amai amene anakhala ku windo, na beseni lopanda kanthu pa miyendo, anayankha osaceuka: "Ni ndalama, atate. Naimwe bakakuonesani ya so, mungakane?"

Basi yonse inaseka, mpaka kondakita anaiwala kupeleka cenji. Ine ninangokhala cete, koma nkhaniyo inanikhudza, cifukwa m'mawa wa tsikulo ninali m'khoti momwemo na kabuku kanga, ndipo loyayo nimudziwa kucokela kale. Dzina lake sinilemba, pakuti palibe cimene analakwa, ndipo si iye yekha. Ali ambili amene ayenda njila imeneyi. Cimene nifuna tikambilane lelo ni funso la madala aja: kodi munthu amene anali prosekyuta, woimila boma pa milandu, akayamba kuteteza mabwana pa milandu ya ndalama, wagulitsa gemu?

Yankho langa ni lakuti iyai. Koma musatsike basi msanga, cifukwa pali cina cimene ciyenela kutikwiyitsa kupambana loyayo.

Mmene ninamudziwila

Ninamuona koyamba pamene ninali pa attachment, nikali ku koleji ya utolankhani. Masiku amenewo anali na jekete imodzi yakuda, yoyamba kuyela m'mapewa. Anali kufika ku khoti na mulu wa mafailo omanga na labala, ndipo m'mawa umodzi anali kuimilila pa milandu yambilimbili: wakuba foni, womenya mkazi, wa ceke cabodza, kalaliki amene anasowetsa ndalama za kampani. Kangapo tinakwela basi imodzi kupita m'tauni, iye atakumbatila mafailo monga mwana.

Pa Citatu paja anafika na galimoto imene dalaiva wake anatsala panja akuipukuta. Kumbuyo kwake kunali maloya acicepele awili okoka masutikesi a mapepala. Mboni ya boma itatulutsa pepala la ku banki, iye anaimilila mwaulemu n'kufunsa mafunso atatu cabe. Kodi pepalali ni lenileni kapena ni kope? Analisindikiza ndani, ndipo munthuyo ali kuti? Kucokela tsiku limene linatuluka m'banki kufika lelo, lagona m'manja mwa ndani? Mboni inayang'ana kwa prosekyuta, mtsikana wamng'ono pa ine, amene analandila failoyo sabata yatha cifukwa mwini wake anamutumiza kukagwila nchito kwina. Mtsikanayo anapempha nthawi. Uko ndiye kukankha kumene tinamva pa wailesi.

Sininaone matsenga, sininaone envulopu ya khaki. Munthuyo anangofunsa mafunso amene iye mwini anali kufunsidwa zaka zonse zija, mpaka anadziwa pamene failo ya boma imadontha.

Kuba kwa colembela

Mlandu wa kawalala wa pa City Market ni wapafupi. Wagwidwa na foni m'thumba, mwini foni alipo, anthu anaona. Milandu ya anthu a mataye ni ina. Mu 1939 katswili wina wa ku America, Edwin Sutherland, ndiye anaipatsa dzina lakuti white-collar crime, kutanthauza milandu ya anthu ovala malaya a kolala yoyela, anthu olemekezeka amene amaba kupyolela pa nchito yawo. Iwo sathyola citseko, amangosaina. Tenda ya mankhwala imapita ku kampani ya mlamu, mtengo wa katundu umakwela katatu pa pepala, ndalama imacoka mu akaunti iyi kulowa mu ija, kenako imasanduka mafulati olembedwa dzina la mphwake.

Wakuba foni amabela munthu mmodzi, ndipo wobeledwayo amakuwa pomwepo. Wakuba na colembela amabela tonse, koma palibe amene amakuwa, cifukwa sitimva dzanja likulowa m'thumba. Timangozindikila tikafika ku kiliniki n'kupatsidwa pepala lakuti tikagule mankhwala ku kemisti, kapena mvula ikagwa madzi n'kulowa m'nyumba ku Kanyama cifukwa ngalande inathela pa pepala. Caka ciliconse lipoti ya Auditor General imatiuza za ndalama zimene zinayenda mosadziwika bwino. Ndiye cifukwa cake mkwiyo wa madala aja niumvetsa.

Koma kuti munthu wotele apezeke wolakwa, boma liyenela kuonetsa khoti ulendo wonse wa ndalamayo, popanda cikaiko. Pafunika munthu wa ku banki, wa ku PACRA kumene amalembetsa makampani, wa ku unduna wa za malo, katswili wowelengela ndalama, ndipo aliyense afike pa tsiku lake na pepala loyenela. Mmodzi akasowa, nkhani yonse yapunduka. Woteteza safunika kuonetsa kuti munthu wake ni mngelo. Afunika cabe kupeza pamene pali pofooka.

Conco bwana akagwidwa safuna loya wamba. Afuna amene anakhalapo mbali inayo. Ngakhale inu, basi ikafa giyabokosi, mumafuna makanika amene wamasulapo magiyabokosi a mtundu womwewo kambili. Prosekyuta wakale adziwa mmene ofufuza a ACC na DEC amalembela sitetimenti, adziwa zimene DPP amayang'ana pa failo, adziwanso nthawi yolimbana na nthawi yokambilana.

Njila yake nthawi zambili imayenda motele. Mwana amatsiliza digili ya malamulo ku UNZA kapena ku yunivesiti ina, n'kupita ku ZIALE, kumene mayeso ake achuka na kugwetsa anthu. Akapambana, makampani akuluakulu a maloya satenga onse. Ena amalowa ku National Prosecution Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa na lamulo la 2010. Kumeneko amaphunzila zimene kalasi siphunzitsa: kuimilila pamaso pa woweluza tsiku na tsiku, kufunsa mboni yonama mpaka itope, kuwelenga sitetimenti ya banki mofulumila monga mmene kondakita amawelengela mipando. Pakapita zaka zisanu kapena khumi, ali na luso limene msika ulifuna. Alinso na ana a sukulu, lendi, na abale ku mudzi amene anamva kuti mwana wawo ni loya. Tsiku lina foni imalila.

Amai a beseni aja anakamba zoona. Ni angati a ife tingakane?

Loya si mlandu wa munthu wake

Malamulo aakulu a dziko lino, pa Article 18, amati munthu aliyense woimbidwa mlandu ni wosalakwa kufikila atavomela yekha kapena khoti itamupeza wolakwa, ndipo ali na ufulu wodziteteza, yekha kapena kupyolela mwa loya amene wasankha. Lamuloli silinapatule anthu amene tidana nawo. Tsiku limene tidzayamba kusankha woyenela loya na wosayenela, mudziwe kuti wosankhayo sadzakhala inu kapena ine. Adzakhala amene ali pa mpando, ndipo m'dziko muno taona kangapo kuti woloza cala lelo ndiye wolozedwa mawa.

Tikumbukile malemu a Levy Mwanawasa. Mu 1985 anali Solicitor General, mmodzi wa maloya akuluakulu a boma la a Kenneth Kaunda. Patapita caka anabwelela ku kampani yawo ya maloya, ndipo mu 1989 anaimilila m'khoti kuteteza a Christon Tembo, mkulu wakale wa asilikali, pa mlandu wofuna kugwetsa boma lomwelo. Kodi anagulitsa gemu? Munthu yemweyo ndiye anakhala pulezidenti mu 2002 n'kuyambitsa nkhondo yolimbana na katangale imene mpaka lelo timaikamba m'mabasi. Kudziwa mbali zonse ziwili sikunawaononge.

Ndipo loya woteteza wakhama amathandiza ngakhale ife amene tifuna akuba amangidwe. Mlandu wowina na umboni wofooka umakagwa pa apilo, ndipo nthawi zina womasulidwayo amasumila boma, ife n'kumulipila na misonkho yathu. Ofufuza akadziwa kuti kutsogolo kuli munthu amene adzafunsa za pepala lililonse, amagwila nchito mosamala.

Sinikamba kuti maloya onse ni oyela. Nakhalapo m'khoti n'kuona mlandu ukukokedwa dala: lelo woimbidwa mlandu wadwala, mawa loya ali ku khoti ina, mkuca atulutsa funso limene ati liyambe layankhidwa na khoti yapamwamba. Zaka zikamapita, mboni zimasamuka, zina zimafa, zina zimaiwala. Kufunsa za pepala ni kuteteza. Kudikila kuti mboni ife ni cinthu cina, ndipo oweluza ali na mphamvu yokana zimenezo. Aigwilitsile nchito.

Citseko cimatseguka mbali zonse

A Mwanawasa atapanga Task Force on Corruption mu 2002, panaoneka cinthu cimene cionetsa vuto lathu poyela. Pa milandu ikuluikulu boma linabweleka maloya a pulaiveti, ndipo wodziwika kwambili anali a Mutembo Nchito. Nyumba ya malamulo inacotsa citetezo ca a Frederick Chiluba mu July 2002, iwo anagwidwa mu 2003, ndipo ciweluzo cinabwela mu August 2009. Zaka zisanu na cimodzi! Khoti ya mu Lusaka inawapeza osalakwa pa mlandu wa ndalama pafupifupi US$500,000, koma anzawo awili amene anali nawo pa mlanduwo anapezeka olakwa. Izi zinacitika pamene mu 2007 woweluza Peter Smith wa ku London, pa mlandu wina wofuna kubweza cuma, anali atagamula kale kuti a Chiluba na anzawo anabela dziko ndalama zokwana US$46 miliyoni. Ambili tinasokonezeka, koma milanduyo sinali yofanana, ndipo umboni wotumiza munthu ku ndende uyenela kukhala wolimba kupambana wa mlandu wobweza ndalama.

Apilo imene inapelekedwa inacotsedwa na DPP wa nthawiyo, ndipo mkulu wa Task Force, a Max Nkole, anacotsedwa pa nchito. Boma la a Michael Sata litalowa mu 2011, a Nchito anasankhidwa kukhala DPP. Anazenga mlandu a Rupiah Banda, amene khoti inawapeza osalakwa mu 2015. Caka comweco a Nchito eni ake anagwidwa, ndipo ali m'khoti analowetsa nolle prosequi, ija timangoti nolle, pa mlandu wawo womwe. Dziko linakangana masiku ambili. Anaimitsidwa pa nchito, ndipo mu 2016 anacotsedwa pambuyo pa tribunal.

Sinikamba izi kuti niweluze munthu. Ena amawaona monga ngwazi, ena iyai. Nifuna muone zinthu ziwili. Coyamba, dziko litafuna kugwila nsomba zikuluzikulu, linapita kukabweleka mbedza kwa maloya a pulaiveti. Caciwili, mphamvu ya woimila boma ni yaikulu maningi. Na pepala limodzi la nolle, DPP angaimitse mlandu popanda kufotokozela khoti cifukwa cake. Munthu amene wagwilapo mphamvu yotele akaoloka msewu, tili na ufulu wofunsa zimene wanyamula.

Nkhani yooloka imeneyi si ya kuno cabe. Ku America ni msewu waukulu wodziwika, ndipo citsanzo cabwino ni mai Mary Jo White. Iwo anali mkulu wa maprosekyuta a boma ku Manhattan, mu mzinda wa New York, kucokela mu 1993 kufika mu 2002, mkazi woyamba pa mpandowo. Atacoka analowa kampani ya maloya ya Debevoise & Plimpton, kumene anateteza mabanki na mabwana a mabanki. Mu 2013 a Barack Obama anawasankha kutsogolela SEC, bungwe loyang'anila misika ya masheya na makampani a ndalama, ena mwa iwo makasitomala awo akale, cakuti pa milandu ina anafunika kudzipatula. Mu 2017 anabwelela ku kampani yomweyo. Owakonda amati mlonda wabwino ni amene adziwa njila za akuba. Owatsutsa amati munthu sangalume zolimba dzanja limene lidzamudyetsa mawa. Mkanganowo sunathe. Koma kumeneko ali na lamulo lolembedwa limene liletsa wanchito wakale wa boma, kwa moyo wake wonse, kuimila munthu pa nkhani yeniyeni imene iye mwini anaigwilapo ali m'boma.

Pamene pali ngozi yeniyeni

Madala a ovolosi sanalakwe kothelatu. Ngozi ilipo, koma siili pa kuoloka kokha. Ili pa zimene munthu amaoloka nazo.

Yoyamba ni zinsinsi. Prosekyuta amaona mafailo amene sanafike ku khoti, adziwa mboni imene iopa, adziwa amene anaulula mobisa. Akaoloka n'kukaimila munthu amene failo yake inapitapo pa tebulo lake, uko ndiye kugulitsa gemu kwenikweni. Malamulo a maloya aletsa kale zimenezo, ndipo pali njila yolangila kupyolela ku LAZ, bungwe lawo. Koma lamulo limene anthu saliona likugwila nchito, salikhulupilila.

Yaciwili ni ubwenzi. Lusaka ni mudzi. Amene amatsala mu ofesi ni acicepele amene iye anawaphunzitsa, amene mpaka lelo amamuitana kuti "senior". Kuimilila m'khoti kutsutsana na munthu amene anakuphunzitsa kumanga failo si kopepuka. Ndipo milandu ina ya ndalama siithela pamaso pa woweluza. Malamulo athu alola kukambilana: munthu angavomele mlandu wocepelako, kapena kubweza cuma kuti asazengedwe mlandu. Mukumbuka K65 miliyoni ija inapezeka m'nyumba ina ku New Kasama mu 2021? Ndalamayo inapita ku boma, ndipo nkhani inathela pa mgwilizano, osati ku ndende. Kaya munakondwa kaya munakwiya, muone kuti nkhani zikuluzikulu zimakambidwa m'cipinda cimene inu na ine sitilowa. M'cipinda cotelo, kudziwana kumalemela.

Yacitatu ni maso a pa mawa, ndipo iyi ndiye imaniopsa kwambili cifukwa siisiya cizindikilo. Prosekyuta amene adziwa kuti pakapita zaka ziwili adzafuna nchito ku kampani ya maloya imene lelo akulimbana nayo, kapena adzafuna makasitomala pakati pa mabwana amene lelo akuwafufuza, angayambe kuponda mofewa. Palibe nchekeleko imene yapelekedwa. Palibe amene angamugwile. Wangosiya funso limodzi osafunsa.

Msuweni wanga

Tsopano nifike pa cimene cimanipweteka. Msuweni wanga anali kondakita. Tsiku lina pasinja anasowa foni m'basi, ndipo zala zonse zinaloza iye. Foniyo sanamupeze nayo. Khoti inamupatsa belo, koma inafuna anthu awili a nchito yodziwika kuti amusainile. M'banja mwathu ogulitsa malasha, osoka na okankha wilibala ni ambili, koma wa payslip tinamusowa, ndipo ine ninali nikali pa sukulu. Anakhala pa limandi miyezi inayi. Mlandu unakankhidwa kasanu: tsiku lina wodandaula sanabwele, lina akaidi sanawabweletse, lina failo sinaoneke. Pa mapeto wodandaula analekelatu kubwela ndipo mlandu unatha. Msuweni wanga anatuluka na cifuwa, nchito itapita, mkazi atabwelela kwa makolo ake.

Mafunso atatu onga aja ninamva pa Citatu akanamutulutsa msanga. Munamupeza nayo? Anaona ndani? Umboni uli kuti? Panalibe wowafunsa. Legal Aid Board ilipo, ndipo maloya ake nimawaona akuthamanga kucoka khoti iyi kupita ija, koma ife panthawiyo sitinadziwe n'komwe kuti tingagogode kumeneko.

Conco nikamva kuti mlandu wa bwana wakankhidwa, iye n'kukwela galimoto kupita kukadya lanchi, sinikwiyila loya wake. Kukankha komweko kwa bwana ni mpumulo, koma kwa kondakita ni mwezi winanso pa simenti. Loya wa bwana wacita nchito yake. Funso ni lakuti wa kondakita ali kuti, ndipo n'cifukwa ciani wa boma, amene aimila ife tonse, amafika ku nkhondo na jekete imodzi na failo ya sabata yatha.

Zimene ningapemphe

Mu 2022 dziko linatsegula khoti yapadela ya milandu ya cuma, Economic and Financial Crimes Court. Ni ciyambi cabwino. Koma khoti ni bwalo cabe, gemu imawinidwa na osewela. Ngati timu ya boma ikhala sukulu yophunzitsila osewela amene mawa adzavala jezi ya mbali inayo, tidzapitiliza kumva pa wailesi kuti mlandu wakankhidwa.

Boma lisunge anthu ake aluso. Prosekyuta wothamangitsa mamiliyoni alipidwe mwakuti foni ija ikalila aganize kawili. Akhale na akatswili owelengela ndalama pambali pake, ndipo asamucotse pa failo mlandu uli pakati. Tili na lamulo la 2010 lolola boma kulanda cuma copezeka mwa umbava, ndipo ndalama na nyumba zina zabwelela kale m'manja mwa boma. Gawo la cuma cimeneco lingalimbitse anthu amene amacibweza, pamodzi na Legal Aid Board.

Wooloka aoloke, koma poyela. Failo iliyonse imene anaigwila ali m'boma ikhale yoletsedwa kwa iye mpaka kalekale. Akuluakulu a pamwamba apume caka kapena ziwili asanayambe kulimbana na ofesi imene dzulo anali kuilamulila. Loya wina mnzanga anati zimenezi zingaopseze anthu anzelu kuti asalowe nchito ya boma. Mfundo yake niimva, ndiye cifukwa cake nayamba na malipilo. Komanso caka cimodzi ca kupuma sicimuletsa kucita milandu ya malo, ya maukwati kapena ya makampani. Lamulo lotele lilembedwe m'mau amene na kondakita angamve, ndipo wolithyola dzina lake tiliwelenge mu nyuzipepala.

Migwilizano yobweza cuma, na nolle iliyonse pa mlandu wa ndalama za anthu, zifotokozedwe kwa eni ndalama: anabweza zingati, n'cifukwa ciani sanazengedwe mlandu, anasaina ndani. Musaganize kuti mau anu alibe mphamvu. Mu 2005 mlandu wa a Kashiwa Bulaya, mlembi wamkulu wakale mu unduna wa zaumoyo, unaimitsidwa na nolle. Anthu, manyuzipepala na maloya anacita phokoso mpaka mlandu unabwelela ku khoti, ndipo pambuyo pake iwo anapezeka olakwa n'kupatsidwa zaka zisanu.

Kwa inu maloya amene munaoloka: luso lanu munaliphunzila pa misonkho yathu, ndiponso pa milandu ya anthu osauka amene munanolelapo mano. Palibe amene akuletsani kudya. Koma mwezi uliwonse tengani failo imodzi ya munthu wa pa limandi amene alibe ngakhale ngwee, mukamufunsile mafunso atatu aja. Kwa inu ni m'mawa umodzi. Kwa iye ni nchito, banja na umoyo.

Kwa inu anzanga a m'basi: m'bale akagwidwa, kumbukilani kuti bondi ya ku polisi ni yaulele. Funsani za Legal Aid Board tsiku loyamba, osati mwezi wacitatu monga mmene ife tinacedwela. Ndipo milandu yambili imazengedwa poyela, mungalowe m'khoti n'kukhala pa benci kumvetsela. Mukaona na maso anu mmene mlandu umafela, mudzadziwa amene muyenela kumufunsa.

Titayandikila pa siteshoni yanga, ninaceuka n'kuuza madala aja kuti loya uja kale anali kukwela basi monga ife, mafailo pa miyendo. Ananiyang'ana pang'ono.

"Manje wamene anasala ku boma ni ndani, mwana wanga?"

Ninawauza kuti ni mtsikana wamng'ono pa ine, wanzelu, amene analandila failo sabata yatha.

Anapukusa mutu. "Ngati ni wanzelu, naye bazamutenga."

Kondakita anamenya citseko, ine ninatsika.